Abusa Aakazi: Tinawadzoza, Nanga Tikuwasamala Bwanji?

(Nyimbo ya kwaya yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA:  Lero tikamba za abusa aakazi. Sitikutsegula mtsutso woti mayi adzozedwe kapena asadzozedwe. Mtsutso umenewo mipingo ina idakali nawo mkati, ndipo uli ndi tsiku lake. Lero ndikulankhula ndi inu amene mpingo wanu unagamula kale, munasanjika manja pamutu pa mayi, munamuveka kolala ndi mkanjo, nthungululu zinamveka. Alendo a tsiku lija anabalalika kalekale. Mayiyo ali pantchito. Kodi moyo wake ukuyenda bwanji, ndipo akukula mu utsogoleri kapena wangoima pamene munamusiya?

Achinyamata ambiri akaona mayi pagome amayesa zinali choncho chikhalire. Mu 1995 amayi ogwira ntchito mu Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP anayenda pamsewu kukapereka chikalata cha madandaulo kwa akuluakulu a sinodi. Mwa zina, ankadandaula za nkhanza zochitira amayi, za kusalidwa pa maudindo, ndi za khomo la ubusa limene linali lotseka kwa iwo ngakhale ena anali ataphunzira zaumulungu mofanana ndi abambo. Yankho loyamba linali lowawa, pakuti ena anaimitsidwa ntchito. Koma mawu anali atatuluka kale. Mu 2000 Sinodi ya Livingstonia inadzoza mbusa wake woyamba wamkazi, a Martha Mwale, ndipo mu 2001 Sinodi ya Blantyre inadzoza a Edna Navaya. Pofika 2011 a Mercy Chilapula anasankhidwa kukhala modereta wa Sinodi ya Blantyre, mayi woyamba pampando umenewo. Anzathu a ku Zambia anatitsogolera kutali: United Church of Zambia inadzoza a Violet Sampa-Bredt mu 1976. Ndipo mu 2023 mpingo wa Anglican m'chigawo chophatikiza Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana unavomereza kuti madayosizi amene akufuna atha kudzoza amayi unsembe.

Mayina amenewa timawatchula monyadira, ndipo n'koyenera. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti tikatha kuwerenga oyambawo timaona ngati ntchito yatha. Tinatsegula khomo, inde, koma makhalidwe a nyumba ya abusa, dongosolo la kusamutsa, kagawidwe ka maudindo, zonsezi zinakonzedwa poganizira mbusa wamwamuna amene ali ndi mkazi pakhomo. Zimenezi sitinazikhudze.

Tamverani bwino apa, chifukwa m'pamene pagona nkhani.

Mbusa wamwamuna akamafika pampingo watsopano, galimoto ya katundu imatsitsa antchito awiri, ngakhale malipiro ndi a munthu mmodzi. Wachiwiriyo ndi mayi busa. Alendo a presbitale akabwera, wophika ndi iye. Munthu akagogoda usiku ndi nkhani ya matenda, wokoleza moto ndi kuthira tiyi ndi iye. Amatsogolera amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Umanyano. Amakhala nawo pa chilangizo cha atsikana ndi cha akwati. Pamaliro, abusa akakhala panja ndi abambo, iye amakhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi, ndipo madzulo amawauza abusa zimene sakanazimva okha: kuti namfedwa sanadye kanthu chiyambire dzulo, kuti achibale ayamba kale kukokanakokana za katundu. Mkanjo wa Lamulungu amasita ndi iye. Ana, munda, odwala a pakhomo, zonse zili m'manja mwake kuti abusa apeze mpata wokonza ulaliki. Mpingo umaidziwa bwino ntchito imeneyi, moti ku koleji ya zaubusa ku Zomba akhala akuphunzitsanso akazi a ophunzira kuti akaigwire moyenera.

Tsono mbusa akakhala wamkazi, ntchito ya munthu wachiwiri ija imapita kwa yani? Amuna awo mwina ndi aphunzitsi, mwina amagwira ntchito m'tauni, mwina ali ndi geni yawo, ndipo palibe amayembekeza kuti iwo aphikire alendo a presbitale. Mwinanso abusawo sali pabanja, kapena ndi amasiye. Choncho munthu mmodzi yemweyo amalalikira mapemphero awiri, kudyetsa Mgonero, kumva milandu kusesoni, kenaka n'kuvula mkanjo, kumanga chitenje, kulowa kukhitchini kuti alendo asabwerere ndi njala. Akapanda kutero, mawa mumva akuti abusa athuwa ngouma manja, kwawo sitimwako ndi madzi omwe. Akatero, ulaliki wa sabata yamawa aukonza pakati pa usiku maso ali psuu.

Akulu ampingo, atumiki, nkhani iyi ndi yanu, ndipo siyofuna chilolezo cha sinodi. Sesoni itha kusankha kagulu kolandira alendo a mpingo, kuti chakudya cha alendo chisakhale pamutu pa mbusa. Itha kuika pa bajeti malipiro a munthu wothandiza kunyumba ya abusa, monga imaikira a mlonda. Amayi a bungwe atha kupatsa mphamvu mtsogoleri wawo wosankhidwa kuti ayendetse misonkhano ya mkati mwa sabata, mbusa n'kumabwera ngati mbusa wa mpingo wonse, osati ngati wolowa m'malo mwa mayi busa amene kulibe. Ndipo tikayamba kuwerengera mtengo wa ntchito zimenezi, tidzazindikiranso kukula kwa ngongole imene tili nayo kwa amayi busa amene akhala akuzigwira ulele kwa zaka zambirimbiri.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Tikupitiriza kukamba za abusa aakazi, ndipo tsopano tifike pa nkhani zimene ambiri amachita nazo manyazi.

Mbusa wamkazi amayembekezera, amapita kusikelo, amachira, amayamwitsa. Lamulo la dziko lino loona za ntchito, la 2000, limapatsa mayi wogwira ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Mpingo, umene umalalikira za kupatulika kwa moyo ndi ulemu wa banja, suyenera kupereka zochepera pamenepo. Koma tchuthi chongolembedwa papepala sichikwanira. Pa masabata amenewo ubatizo achititsa ndani? Maukwati amene anakonzedwa kale adalitsa ndani? Zovuta zikagwa, akulu ampingo akagogoda khomo liti? Presbitale ikapanda kusankhiratu mbusa wogwirizira, foni imalira basi, ndipo mayi amene ali m'chikuta amapezeka ataimirira kumanda padzuwa, mwana wa masabata atatu atasiyidwa m'manja mwa ena. Sachita izi pokonda. Amaopa kuti akakana, anthu anena kuti si paja tinanena, akazi ubusa sangauthe. Ndiye amasenza mbiri ya abusa aakazi onse pamsana umene sunapole. Malamulo a tchuthi alembedwe m'buku la sinodi, ogwirizira adziwike mimba isanafike miyezi yotsiriza, kuti mayi asachite kupempha ngati chifundo chinthu chimene ndi chake.

Palinso nkhani ya Mgonero. M'mipingo ina muli akhristu amene amazemba gome la Ambuye likakhala kuti akudyetsa ndi mayi. Sanena poyera, koma mumtima amafunsa kuti, nanga ngati ali kumwezi? Maganizo amenewa sachokera kutali. Tinakula tikumva kuti mayi wotere asathire mchere m'ndiwo kuopa mdulo. Sindikunyoza amene amaganiza choncho, ambiri ndi agogo athu okhulupirika amene anamanga matchalitchi athu ndi njerwa zoumba okha. Afunika kuphunzitsidwa mofatsa, ndipo Uthenga Wabwino uli ndi poyambira: mayi uja amene anadwala nthenda yotaya magazi zaka 12 anakhudza chovala cha Yesu, ndipo Yesu sanadetsedwe, mayiyo ndiye anachira, natchedwa mwana pamaso pa khamu lonse. Koma wophunzitsa asakhale mbusa wamkazi yekha. N'chinthu cholemetsa kuti munthu aziimirira pagome kuteteza thupi lake lomwe. Abusa aamuna, akulu ampingo okhwima, alangizi, inu ndinu oyenera kutsogola. Mbusa wamwamuna akagwada n'kulandira mkate kuchokera m'dzanja la mnzake wamkazi anthu onse akuona, waphunzitsa zambiri kuposa ulaliki wa ola lathunthu.

Ena amati utsogoleri wa amayi pa zachipembedzo unabwera ndi azungu. Mbiri yathu sivomereza. Kukachisi wa ku Msinja, kumene Achewa ankapempha mvula kwa Chisumphi, mkulu wake anali Makewana, mayi. Mpaka lero tili ndi mafumu aakazi amene amaweruza milandu pabwalo abambo atakhala chete. Makutu athu sanayambe lero kumva mawu a mayi akutsogolera.

Tsono za maulendo. Mpingo wakumudzi umakhala ndi nthambi zingapo, zina kutsidya kwa mtsinje, zina kuseri kwa phiri. Mbusa wamkazi akapita yekha pa kabaza n'kubwerera kutada, moyo wake uli pachiswe. Akaperekezedwa ndi mkulu wampingo wamwamuna, miseche iyamba. Bambo akabwera kuofesi ndi vuto la m'banja, chitseko chikatsekedwa anthu anena, chikatsegulidwa munthuyo samasuka. Abusa aakazi amayenda akuwerengera zinthu zotere tsiku lililonse, ndipo zimatopetsa. Mpingo utha kupeputsa katunduyu pokonza kuti pa maulendo pazikhala mkulu wampingo wamkazi kapena mayi wa bungwe, mayendedwe ake akulipiridwa ndi mpingo. Ndipo miseche ikayamba, sesoni isamadikire kuti izime yokha. Mbiri ya mbusa ikada, ntchito yake yaima.

Pali china choopsa kuposa miseche. Alipo abusa aakazi amene amanenedwa mawu achipongwe, kugwiridwa mosayenera, kapena kufunsiridwa ndi anthu amene ali ndi mphamvu pa iwo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati khalidwe lotere ndi mlandu. Vuto la mumpingo n'lakuti nthawi zina wolandira dandaulo ndi yemweyo amene adzakhale nawo pogamula za kusamutsidwa kwa wodandaulayo, kapena ndi mnzake wapamtima wa wodandauliridwa. Pamenepo ndani angatsegule pakamwa? Sinodi iliyonse, dayosizi iliyonse, ikhale ndi bwalo lapadera lomvera nkhani zotere, lokhala ndi amayi okhwima ndi munthu wodziwa malamulo, losunga chinsinsi, ndipo wodandaula asalangidwe pomuponya kumpingo wakutali.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Mbusa ndi munthu amene aliyense amamutulira nkhawa. Iye amatulira yani? Pamsonkhano wa abusa a m'presbitale, mayi amapezeka ali yekha pakati pa abambo khumi ndi angapo. Nthawi yopuma abambo amacheza zawo, iye sadziwa ngati akhale nawo kapena apite kumene kuli amayi ophika. Kumpingo sangaululire mkhristu wake kuti banja lake likugwedezeka. Kumbukirani mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Abusa anaika maliro motsatizana, natonthoza anthu amene sanapeze ngakhale mtembo woti aike. Zotere zimasiya bala mumtima mwa wotonthozayo. Likapanda kusamalidwa limatulukira kwina: tulo kusowa, mutu wosatha, kuthamanga kwa magazi, kupsa mtima msanga, pemphero kuuma.

Mneneri Eliya atathawira kuchipululu, atatopa mpaka kupempha imfa, Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula. Anamulola kugona, namupatsa chakudya ndi madzi kawiri konse, kenaka m'pamene analankhula naye. Mpingo utengerepo phunziro. Tsiku lopuma la mbusa lilemekezedwe, ndipo akulu ampingo azigawana zovuta zogwa tsikulo. Tchuthi cha pachaka chitengedwe ndithu, chisamangounjikana. Ndipo abusa aakazi akhale ndi mkumano wawo, kamodzi kapena kawiri pachaka, ndalama zake zili pa bajeti ya sinodi, kumene angalankhule momasuka, kulira ngati kulira kulipo, ndi kukumana ndi aphungu odziwa za thanzi la maganizo. Gulu la pa WhatsApp limathandiza, koma silifanana ndi kukhala pamphasa imodzi. Amayi ophunzira zaumulungu mu Africa anazindikira zimenezi kale. Mu 1989, ku Accra m'dziko la Ghana, a Mercy Amba Oduyoye anasonkhanitsa anzawo n'kuyambitsa bungwe la Circle of Concerned African Women Theologians, kuti azilimbikitsana, kufufuza ndi kulemba. Amalawi awiri, a Isabel Apawo Phiri ndi a Fulata Moyo, analitsogolerapo bungwe limeneli. A Phiri anafika pokhala mmodzi mwa alembi aakulu a World Council of Churches ku Geneva. Munthu safika kutali chotero akuyenda yekha.

Zimenezi zatifikitsa pa kukula mu utsogoleri. Taonani kumene abusa aakazi ambiri amatumizidwa: kuofesi ya amayi, ku Sande sukulu, kukatumikira odwala kuchipatala, kapena kukhala wothandizira pampingo waukulu. Ntchito zonsezi n'zolemekezeka ndipo ena anaitanidwira zomwezo. Koma tsiku la chisankho likafika, nthumwi zimafunsa kuti, anayendetsapo mpingo waukulu? Anakhalapo mlembi wa presbitale? Amadziwa za chuma? Mayi amene sanapatsidwepo mpata pa zimenezi amagwa, ndipo timati sanali wokonzeka, chonsecho amene sitinamukonzekeretse ndife. Mlimi akaokera mbande samangoisiya kuti aone ngati igwire, amaithirira mpaka mizu italowa pansi.

Choncho muikeni mbusa wamkazi m'komiti ya zachuma, ya malo ndi katundu wa mpingo, ya malamulo, ya maphunziro a abusa. Aphunzire kuwerenga lipoti la owerengera ndalama, kuyendetsa msonkhano wovuta anthu atagawikana, kulemba mfundo yopita kusinodi ndi kuiteteza. Asakhale mmodzi yekha m'komitimo, chifukwa mmodzi amasanduka chokongoletsa, ndipo akalakwitsa amati alakwitsa akazi onse. Mukamupatsa mpando, mupatseninso mphamvu zake. Musamatsirize nkhani zenizeni kuseri, pa foni za usiku, n'kubwera kumsonkhano kudzangomuuza.

Maphunziro apamwamba nawo ali ndi misampha yake. Mwayi wa sukulu nthawi zambiri umafika pa zaka zomwe mayi ali ndi ana aang'ono. Bambo amanyamuka n'kusiya ana ndi mayi awo. Mayi akanyamuka, anthu amati wathawa banja. Akadikira kuti ana akule, amamuuza kuti zaka zapitirira. Amene mumagawa mwayi wa maphunziro, onaninso malire a zaka. Makoleji akonze malo oti mayi atha kukhala ndi mwana wake. Maphunziro ophunzira uli kunyumba, monga a bungwe la TEEM, ndi madipatimenti a zaumulungu ku University of Malawi ndi ku Mzuzu University, ndi njira zoti mbusa apitirize sukulu asanasiye mpingo, ngati sesoni ingamupatse masiku owerengera ndi olembera mayeso.

Mbiri ya mpingo ili ndi chitsanzo chimene chimandikhudza. Mu 1944, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, bishopu Ronald Hall wa ku Hong Kong anadzoza a Florence Li Tim-Oi kukhala wansembe woyamba wamkazi mu mpingo wa Anglican, kuti akhristu a ku Macau asasowe Mgonero. Nkhondo itatha, madandaulo otsutsa kudzozedwa kwake anachuluka, ndipo mayiyu anabweza chiphaso chake chotumikira, ngakhale sanakane unsembe wake. Panapita zaka zoposa 30 asanapatsidwenso chiphaso chotumikira ngati wansembe, atasamukira ku Canada. Mpingo unamufuna pa nthawi ya mavuto, mtendere utabwera n'kumusiya. Lero kuli thumba lotchedwa dzina lake limene limalipirira maphunziro amayi ofuna kutumikira mumpingo.

Abusa aamuna, makamaka inu achikulire, muli ndi chuma chimene sichiphunzitsidwa kukoleji: mmene mungalowere kwa mfumu pa nkhani ya malo a tchalitchi, mmene mungaziziritsire sesoni yotentha, nthawi yolankhula ndi yokhala chete pamsonkhano wa sinodi. Anzanu aamuna mumawapatsa nzeru zimenezi pocheza. Apatseninso ana anu aakazi muutumiki, poyera ndi mwaulemu. Tchulani mayina awo pamene mayina akufunidwa iwo kulibe. Paulo potsiriza kalata yake kwa Aroma anachita zomwezo: anamuchitira umboni Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, napempha akhristu kuti amulandire ndi kumuthandiza pa chilichonse chimene angasowe.

Amayi anzanga a m'mabungwe, nanunso ndikupempheni. Abusa aakazi ambiri amapwetekedwa kwambiri ndi mawu ochokera kwa amayi anzawo: za kavalidwe, za tsitsi, za chifukwa chimene sanakwatiwe, za chifukwa chimene alibe mwana. Inu ndinu ochuluka mumpingo, ndinu osenza zopereka ndi masika. Mukaima kumbuyo kwa mbusa wanu, palibe angamugwedeze.

Ndipo tisaiwale amuna a abusawa. Sinodi ikamasamutsa mbusa wamwamuna imangodziwa kuti banja litsatira. Kwa mbusa wamkazi, kalata ya kusamuka itha kutanthauza kuti bambo asiye ntchito kapena banja likhale pawiri. Ena amasekedwa ndi anzawo kuti akulamulidwa ndi mkazi. Komiti yosamutsa abusa izikhala pansi ndi banja lonse isanalembe kalata, imve za ntchito ya bambo ndi sukulu ya ana, ndipo ngati n'kotheka kusamukako kuzichitika teremu itatha. Abambo a mumpingo amulandire munthuyu ngati mnzawo, amupatse malo m'bungwe lawo, osamuyang'ana ngati mlendo wodabwitsa. Mlembi wa sesoni, pamsonkhano wanu ukubwerawu, lembani nkhani ya umoyo wa abusa anu pa mndandanda wa zokambirana, ndipo muyambe ndi kuwafunsa eni akewo chimene chikuwalemera.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za abusa opuma ntchito ndi mabanja awo, makamaka za kumene amapita akatuluka m'nyumba ya mpingo. 

(Nyimbo yotsekera.)